Ndinadzimangirira ndekha ku injini ya boti

Abale anga, nkhani iyi sindinaitole pabawo kapena pamowa ayi, inandichitikira ineyo pa Shire cha ku Matope, ndipo wokayika abwere adzawerenge zala za dzanja langa lamanzere.

Inali nthawi ija matipate atangoyamba, othawa nkhondo a ku Mozambique akubwerera kwawo. Mmodzi wa iwo anandisiyira kaboti kamatabwa ndi kainjini kake posinthana ndi mbuzi zanga, ndiye ndinayamba kutchera nkhanu ndi miyono, nyambo yake matumbo a nkhuku. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina kumbuyo agwire mkono wa injini, wina kutsogolo azivuula miyono. Wondigwirira injini anali mlamu wanga, koma tinayambana chifukwa cha zipani, iye nsalu yake ine yanga, mpaka moni anatha. Ine kukamupepesa? Ndinali wamakani, musandione kufatsa leroku.

Basi ndinati ndizipita ndekha. Ndinamanga chingwe cha nayiloni kumkono wa injini, n'kuchidutsitsa m'mahabu akale, tija tozungulira pakati pa mateyala a njinga, amene ndinakhomera m'mbali mwa boti, nsonga zonse ziwiri n'kuzimanga m'chiuno mwanga kuti manja atsalire miyono. Ndikapotoza chiuno boti linkakhota, ndipo chopatsira moto ndinachikulunga ndi mphira kuti injini isazime. Mkazi wanga anandifunsa kuti kodi nditagwa ndingamasuke bwanji, ine n'kumuyankha kuti za m'madzi azisiyira amuna.

Masiku atatu zinayenda, moti ndinkadziona ngati injiniya. Tsiku lachinayi, dzuwa litakwera ndithu, mono wina unakodwa pansi, ndinakoka mwamphamvu, chingwe chake chinaduka, ine chagada m'madzi, khuvuu!

Thupi langa linakokera mkono wa injini mbali imodzi, boti n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi likundikwakwaza. Ndinayesa kumasula mfundo, koma nayiloni ikanyowa n'kukokedwa imalimba ngati waya, ndipo mpeni unali m'botimo, ndikanaufikira bwanji? Ndikati ndikuwe, madzi m'kamwa. Kenako habu imodzi inazuka, chingwe chinalendewera, n'kukakodwa mu pulopela, timapiko takuthwa tija tozungulira pansi pamadzi. Mayo ine! Injini inayamba kukulunga chingwecho, ikundikokera kwa iyo pang'onopang'ono, ine ndikuona ndi maso anga. Ndinachita mantha oti sindinawamvepo, ndinaitana mayi anga amene anamwalira kalekale. Ndinatambasula dzanja kuti ndidzikankhe, ndinangomva kutentha, zala ziwiri zapita, ndipo pomwepo injini inatsamwa n'kuzima.

Musaganize kuti ndinapuma. Chingwe chinali chitandipanikiza kumsana kwa boti, chiuno chili pansi, mphuno yokha ndiyo ili pamwamba, kafunde kakabwera ndimwe. Kukwera sindikanatha, kumira n'kuthawa sindikanathanso. Boti linayamba kutsetsereka ndi madzi, kumunsi ndikumva mkokomo wa mathithi, magazi akufiiritsa madzi, ndipo inu mukuzidziwa ng'ona za mu Shire, eti? Chilichonse chondikhudza mwendo ndinkati ndi imeneyo. Sindidziwa kuti panatha nthawi yaitali bwanji, koma ndinapemphera mpaka mawu anandithera.

Mwamwayi madzi anakankhira botilo m'bango, pafupi ndi dimba limene mayi wina wachikulire, amene sindinkawadziwa n'komwe, ankathirira mpiru. Mayiwo analowa m'madzi mpaka m'chifuwa atanyamula chikwanje, n'kudula chingwecho. Atandikokera kumtunda anang'amba chitenje chawo n'kundimanga dzanja, n'kundifunsa mwaukali kuti munthu woipa mtima amene anandimanga chonchi ngati mbuzi yopita kumsika ndi ndani, akamunene kupolisi. Ndinalira ngati mwana, chifukwa ndinayenera kuwauza kuti ndinadzimanga ndekha.

Kumudzi anthu ankanong'ona kuti ndinalodzedwa, ena mpaka kundiuza kuti ndikaombeze. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti palibe anandilodza, mfundo ija ndinamanga ndi manja anga, ali ndi zala zonse khumi. Ndiye inu opita pamadzi, pitani awiri, ndipo chinthu choyenda ndi petulo musadzachimange m'thupi mwanu, chifukwa injini siimva munthu akamalira.