Bedi Loyala Wina ku Tenerife

Ndinanyamuka pakhomo pathu ku Springfield, ku Virginia, Loweruka, 9 koloko itangokwana. M'chikwama munali fomu ya viza, mapu a chilumba cha Tenerife amene mwana wanga Tadala anandisindikizira, ndi mandasi khumi ndi awiri. Fomuyo ndinali nditadzaza yonse kupatula kabokosi kamodzi, kofunsa kumene ndikagone ndikafika ku Spain. Lolemba m'mawa ndinayenera kukaipereka ku ofesi ya maviza, ndipo kumeneko akakubweza, tsiku lina umalipeza tchuthi chako chitadutsa kale.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuyala mabedi a eni, kusambitsa, kutembenuza, kuyalula, kuyalanso. Tchuthi chilichonse chimene ndinatengapo chinali cha maliro kumudzi kapena cha ukwati wa mwana wa wina, ndipo konseko ine ndimathera kophika. Ndiye pamene banja lathu limakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndinauza amuna anga kuti sindikufuna phwando kapena mphete. Ndikufuna sabata imodzi yogona pa bedi loyala munthu wina.

Bambo a Tadala pakamwa pawo sipagona nkhani. Potuluka m'tchalitchi anakauza a Chikopa, ankhoswe athu a ku Rockville, kuti tasankha kupita ku Tenerife, ndipo a Chikopa anakumbuka kuti pa chilumba chomwecho pamakhala mwana wa mlongo wawo, Tiyamike. Akuti sitingakagone ku hotelo ngati anthu opanda abale. Amuna anga, m'malo monena kuti tikaganize kaye, anawerama n'kuthokoza. Zinandipweteka kwambiri. Ndikudziwa zimene zimamuchitikira mzimayi wa kwathu akakhala mlendo: tsiku loyamba amakupatsa mpando, lachiwiri umapezeka wamanga chitenje uli pa mbale. Koma munthu wamkulu sakanidwa pa foni, ndipo Loweruka limenelo amuna anga anapezeka kuti ali ndi ntchito, kaya mwangozi kaya mwadala. Ulendo wokakana unagwera ine.

Pa siteshoni ya Franconia-Springfield ndinagunditsa khadi yolipirira ulendo, Loweruka mtengo supitirira madola awiri ndi theka, n'kukwera sitima ya mzere wabuluu. Nditakhala pansi ndinatambasula mapu aja. Chilumbacho chimaoneka ngati bakha wotambasula khosi, pakati pali phiri lalikulu. Ndinkadziwa kuti pokana malo a Tiyamike ndiyenera kukhala ndi dzina la malo ena m'manja, koma mayina onse anali kundivina m'maso.

Pa King Street panakwera mzungu wina wachikulire, nakhala pafupi nane. Ataona mapu anamwetulira, akuti anapitako ndi malemu mkazi wake. Anandiuza kuti ndipite kumpoto, ku Puerto de la Cruz, kobiriwira, kuli minda ya nthochi ndi mchenga wakuda. Kummwera akuti n'kwa anthu ofuna kuwotchedwa ngati nkhuku. Ndinamuthokoza, ngakhale mumtima ndinkadabwa kuti munthu angalipire ndege kukaona nthochi n'kugona pa mchenga wonga makala. Anatsikira pa Pentagon City, ine n'kulemba pa mapu kuti kumpoto.

Cha m'ma 10 koloko ndinatsika pa Metro Center kuti ndisinthe, ndikwere ya mzere wofiira. Njira imeneyi ndaiyenda zaka zonsezi, koma tsiku limenelo mutu unali ku Spain, ndipo ndinakwera yolowera kwina. Ndinazindikira zitseko zitatsekeka. Ndinatsika pa siteshoni yotsatira n'kubwerera, ndikudzifunsa kuti ngati ndikusochera kuno komwe ndikudziwa, nanga pa chilumba cha eni zikatha bwanji.

Ku Bethesda ndinafika 11 koloko, n'kukwera makwerero oyenda okha aja, aatali moti ukafika pamwamba umakhala utaiwala chimene wabwerera. Ndinapangana ndi Chanda, mnzanga wa ku Zambia amene amagwira ntchito ku banki yaikulu m'tauni, ndipo ku Tenerife anapitako kawiri. Anandigulira khofi wa madola asanu, wowawa ngati mankhwala a malungo, n'kulanda mapu anga.

"Ba Esi, ku north mufuna kukachita chani? Kuja ni mitambo chabe. Ngati ni mvula mufuna, nkhalani kuno."

Anafufuta mawu a mzungu uja n'kulemba kummwera. Ndinapuma, kuganiza kuti nkhani yatha, osadziwa kuti kummwerako kulinso magawo. Las Américas akuti n'kwa achinyamata, nyimbo sizizima. Costa Adeje n'kwa mabwana, kumene ngakhale mpando wa pamchenga uli ndi mtengo wake. Los Cristianos ndi kwabata, koma kwadzaza nkhalamba za ku Ulaya zoyenda pa tinjinga tamagetsi. Ndinamufunsa ngati akundinyoza. Ndithawe nkhalamba ku Virginia, ndiwoloke nyanja yonseyo, ndikapezenso nkhalamba? Anaseka n'kuwonjeza kuti ndisankhenso mtundu wa malo: mahotelo ena amakumanga kachingwe padzanja ngati wodwala m'chipatala, kuti uzidya ndi kumwa osafunsidwa, pamene nyumba zina zabwino zimakhala ndi khitchini yakeyake. Za khitchinizo ndinakana asanamalize. Pamene pali mbaula pali ine, ndimadzidziwa.

Amati mutu umodzi susenza denga, koma langa pofika apa linali litapendekeka ndi kuchuluka kwa mitu. Mapu anali mizere yokhayokha. Za a Chikopa, Chanda anati ndingonama kuti hotelo anatilipirira kale ana. Sindikanatha. Chaka chimene banja langa linatsala pang'ono kutha, a Chikopa ndi amene ankayendetsa galimoto kuchoka ku Rockville kubwera ku Springfield Lamlungu lililonse mpaka tinayambanso kulankhulana. Munthu wotere sumunamiza, komanso sumuchititsa manyazi. Ndinabwerera ku sitima pansi pa nthaka, n'kugunditsanso khadi, ndilibe dzina la malo, ndilibenso mawu okanira.

Ku Rockville ndinatsika 1 koloko itadutsa, n'kukwera basi ya mphindi khumi. Anatsegula chitseko ndi akazi awo a ankhoswe athu, mayi a Chikopa. Chinthu choyamba kuchiona, ndisanavule n'komwe nsapato, chinali chikwama chomangidwa kale pafupi ndi khomo: tiyi wa ku Thyolo, mabotolo a tsabola wa kambuzi, zitenje ziwiri, zonse za Tiyamike. Ndinapereka mandasi, tinalonjerana, tinafunsana za ana, za kumudzi, za nyamakazi ya a Chikopa. Anabweretsa tiyi ndi mbatata yophika. Ndinazungulira nkhani ngati galu wofuna pogona, ndinayamba ndi zakuti mwina timuvutitsa mwanayo.

"Mlendo sathyola mphasa, mayi a Tadala," anatero a Chikopa. "Sabata imodzi n'chiyani pa chibale?"

Ndinangotulutsa fomu ija n'kunena kuti ikufuna adiresi. A Chikopa anasangalala, akuti zimenezo n'zosavuta, naimba foni ya kanema nthawi yomweyo.

Kumeneko kunali kukuda kale. Tiyamike anaoneka atavala yunifolomu yotuwa, nkhope yotopa koma yomwetulira mwaulemu. Anati takulandirani anti, nyumba ndi yanu, kenaka n'kuyamba kupunthwa: akuti kalata yoitanira mlendo imachokera ku polisi ya kumeneko ndipo imatenga milungu, koma ayesetsa, aona chochita. A Chikopa ananyamuka kukafuna magalasi ndi cholembera. Mayi a Chikopa, amene nthawi yonseyi ankangondiyang'ana, anatola foniyo n'kundikodola kuti tipite kukhitchini, natseka chitseko.

"Tiya, amalume ako kulibe," anatero. "Tationetsa nyumbayo."

Mwanayo anazengereza, kenaka anatembenuza foni. Chinali chipinda chimodzi ku San Isidro, pafupi ndi bwalo la ndege, mabedi awiri ang'onoang'ono ndi nsalu yotchinga pakati. Bedi linalo linali la mzimayi wina wa ku Colombia. Anaulula kuti anakonza zotisiyira lake, mnzakeyo n'kumupempha kuti akagone kwina, iye azikagona pansi kwa anzake akuntchito. Chiimbireni amalume ake sanagone tulo tabwino. Nayenso sakanatha kuwakana pa foni.

Ndinaseka mpaka misozi, kuseka kwa munthu amene watula katundu. Ndinamuuza zonse, za kusochera kwanga, za nthochi za kumpoto, za bedi loyala wina limene ndakhala ndikulilota. Kenaka ndinamufunsa kuti amagwira ntchito yanji.

"Ndimayala mabedi, anti. Mu hotelo ku Costa Adeje."

Kuseka kunathera pomwepo. Zaka zonsezi ndinkalota za bedi limenelo, koma sindinaganizepo kuti wina woyalayo ali ndi nkhope, ali ndi msana ngati wanga, ndipo angakhale mwana wa kwathu. Ndinachita manyazi.

Iye sanaone cholakwika. Anayamba kundilangiza mwachangu ngati munthu wodziwa munda wake. Akuti ndipite ku Los Cristianos, hotelo yaing'ono msewu umodzi kumbuyo kwa nyanja, kumene mnzake amagwira ndipo ogwira ntchito sawathamangitsa ngati mbuzi. Ndipemphe chipinda cham'mwamba, kutali ndi chikepe, makamaka kutali ndi kachipinda kosungira mashiti, chifukwa pamenepo ngolo zimayamba kulira mbandakucha. Za nkhalamba anati ndisaziope, zimagona msanga, ndipo palibe ngakhale imodzi imene ili yanga. Anatumiza dzina la hoteloyo, tinasungitsa chipinda pa foni ya mayi a Chikopa, ndipo ndinadzaza kabokosi kaja pomwepo, fomu nditaitsamiritsa pa firiji.

Ndisanadule ndinamulonjeza kuti bedi ndizidzayala ndekha m'mawa uliwonse, kuti mnzakeyo apumeko.

"Ayi anti, chonde musayerekeze," anatero. "Mukayala inu timayalula n'kuyambiranso, ntchito imakhala iwiri. Mukadzuka muzingonyamuka, muzipita kunyanja. Bedi lisiyeni momwemo."

A Chikopa anawafotokozera ndi akazi awo, kuti kalata ya ku polisi singafike pofika Lolemba, zomwe zinali zoona. Anadandaula kuti malamulo a kunja kuno akupha chibale, kenaka analamula ziwiri: chikwama chija ndinyamule, ndipo tsiku limene Tiyamike akupuma tikadye naye. Ndinavomera ndi manja awiri, n'kuwonjeza mumtima kuti tsiku limenelo palibe aliyense wa ife adzayandikire mbaula.

Ndinakwera sitima yobwerera cha m'ma 4 koloko, chikwama cha tsabola chili pakati pa miyendo, ndipo pa Metro Center sindinasochere. M'njira monse ndinkaganiza kuti anthu awiri tinatsala pang'ono kuzunzana sabata yathunthu chifukwa cha ulemu, aliyense akumwetulira. Ndinaonanso kuti ndinafunsa onse amene anagonako pa chilumbacho, koma amene anandimasula ndi amene amayala. Ku Springfield ndinapeza bambo a Tadala akundidikira pa siteshoni, akufunsa mwamantha ngati ankhoswe akwiya. Ndinawapatsa chikwama kuti anyamule, n'kuwasiya avutike mumtima mpaka tinafika pa galimoto.

Lamlungu m'mawa ndinati ndiyesere zimene Tiyamike ananena. Ndinadzuka, n'kusiya bulangete lili chopindikira, pilo ali pansi, ndinasamba, ndinavala za kutchalitchi. Ndinafika mpaka pakhomo, makiyi ali m'manja, n'kubwerera kukayala. Ndatsala ndi milungu isanu ndi umodzi yoti ndiphunzire.