Miyendo Yakutsogolo ya Pikapu ya Abambo

Maganizo opita ku Mangalande anandibwerera nditakhala pa bampala ya pikapu ya malemu abambo, kwathu ku Bembeke. Galimotoyo inali itagwada ngati ng'ombe yodwala. Inagwera m'dzenje itasenza matumba, masipuling'i a mbali imodzi n'kuthyoka, ndipo ekisele, mtanda wachitsulo umene umagwira matayala akutsogolo, unapindika. Ndi pikapu imeneyi imene inkatitulutsira mbatata ya kachewere kupita nayo kumsewu waukulu. Chigwadireni, mavenda ankatilondola kumunda komweko n'kumatchula okha mtengo.

Msuweni wanga wina, namwino ku London, anali atanena kuti kunyumba ina yosungira okalamba akufuna antchito. Ine sindinali munthu wa maulendo. Ngakhale ku Lilongwe ndinkachita manyazi kufunsa njira. Komabe ndinalimba mtima n'kukauza mayi.

"Mayi, ndiloleni ndipite. Ndikadzabwera galimoto iyi idzayendanso."

Iwo sanayankhe za galimoto. Anangoti, "Akuti kumeneko kumazizira kuposa kuno. Utenge juzi ya abambo ako."

Ndinapeza kachipinda ku Thamesmead, m'nyumba zosanjikizana za m'mbali mwa mtsinje, kumene munthu safikako popanda basi. Ntchito inali ku Greenwich: kusambitsa okalamba, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Ndinkayesetsa kuti pasapezeke wondidandaula. Wina akati ndimugwirire shifiti, sindinkadziwa kukana. Malipiro akabwera, lendi inkatenga gawo lake, basi gawo lake, kwathu gawo lawo, ndipo kotsalako ndinkaika padera kuti ndi ka pikapu. Masiku opuma ndi amene ankandivuta. Ndinkatha tsiku lathunthu osatsegula pakamwa, mpaka kuyamba kuwerenga mokweza zolembedwa pa paketi ya tiyi kuti ndimveko mawu anga.

Kutchalitchi ndi kumene ndinadziwana ndi a Tembo, bambo wa ku Chipata amene anakulira ku Lusaka. Ali ndi galaja ku Edmonton, pansi pa mlatho wa sitima, ndipo ntchito yawo ndi kudzutsa mapikapu akalekale a azungu amene amawayendetsa pachionetsero chabe, osanyamulirapo ngakhale thumba limodzi. Nditawaonetsa chithunzi cha pikapu yathu, anaimba mluzu.

"Iwe mwana, iyi ni golide! Kuno bangakulambile. Yafa chani?"

"Miyendo yakutsogolo, bambo."

"Sasipenshoni? Bwela Chibelu ku galaja, tikambe."

Loweruka, limene iwo amati Chibelu, ndinanyamuka. Ulendo wochoka ku Thamesmead kukafika ku Edmonton ndi wautali, mabasi ndi sitima kusinthanasinthana, ndipo njira yonse ndinkadzichenjeza kuti m'tauni munthu sakuseka nawe pachabe. A Tembo anandikhazika pa tayala n'kundifotokozera njira zimene zinalipo. Yoyamba inali kukonza zomwe zilipo kale: kuwongola ekisele, kusintha makingipini, misomali ikuluikulu imene tayala limakhotera, kuika mabushi ndi mashoko atsopano ochepetsa kugwedezeka. Galimoto idzakhala yolimba koma yogogoda msana, chiwongolero cholemera monga kale. Yachiwiri inali kuchotsa zonse zakutsogolo n'kuikapo za galimoto yaing'ono yakale ya ku Mangalande, tayala lililonse kumadziyendera palokha pa sipuling'i yopota, mabuleki amphamvu. Miyendo yotereyi inali itatsamira pakona ya galajayo, ndipo iwo anaisisita ngati mbuzi yogulitsa.

"Iyi ukaika, ungamwe tiyi motoka ili pa liwilo."

Mumtima ndinati, eya, ndi apa. Akufuna anditayire chitsulo chawo chadzimbiri. Koma asanamalize n'komwe anatembenuka.

"Manje vuto, iyi ni ya tala. Imakhala pansi maningi. Ku Dedza kwanu ikakumana na mwala izasiya matumbo pamsewu."

Apo ndinaganizanso kuti akundikaniza dala, akusungira mzungu wolipira bwino. Ndimachita manyazi ndikakumbukira zimenezi, chifukwa bambo aja sanandilipiritsepo ngakhale tiyi amene ndinkamwa pagalaja pawo. Koma ndi mmene mtima wanga unalili zaka zimenezo. Woyamikira chinthu ndinkamukayikira, wochinyoza ndinkamukayikiranso.

Njira imene iwo anaikonda inali yachitatu: kudula miyendo ya pikapu ya masiku ano n'kuiwotcherera pa yathu. Imakhala pamwamba, imasenza katundu, ndipo zipangizo zake zimapezeka ngakhale ku Lilongwe. Chofunika chinali chimodzi chokha, muyezo weniweni wa chesesi, mafupa awiri achitsulo amene galimoto yonse imagonapo. Anati miyendo ikasiyana ndi chesesi ngakhale ndi chala chimodzi, galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu n'kumadya matayala.

Ndinaimbira achimwene anga a Gilibati, amene anatsala ndi minda. Ndinawapempha mwaulemu kuti abwereke tepi kwa kalipentala, alowe pansi pa galimoto, ayeze kuseri kwa ledieta, ajambulenso. Anati palibe vuto. Patapita nthawi muyezo unabwera, chithunzi ayi. Netiweki, akuti. A Tembo anajambula mizere iwiri ndi choko pasimenti, n'kupukusa mutu kuti yatambalala kwambiri kwa galimoto ya zaka zimenezo, ayezenso. Muyezo wachiwiri unabwera wocheperapo ndi chikhatho chathunthu. Wachitatu unagwera pakati. Zithunzi zinkabwera ndithu, koma za chitseko, za chiwongolero, za boneti nkhuku itakwerapo. Cha kunsi sichinabwere n'chimodzi chomwe.

A Tembo anaimirira pamwamba pa mizere yawo ija, manja m'chiuno.

"Mwana, motoka siikula, siiyonda. Olo m'bale wako amapima atamwa, olo apima motoka za bantu."

Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Ndinayamba kuunika zithunzi zonse za kwathu, kuzikulitsa ndi zala. Kuseri kwa chithunzi china ndinaona malata atsopano pa nyumba ya achimwene. Pa china alamu anali ndi foni imene sindinkaidziwa. Ndinkasambitsa nkhalamba manja akugwira ntchito, mutu uli ku Bembeke: agulitsa injini, agulitsa yonse, zithunzizi ndi zakale. Kuwafunsa achimwene maso ndi maso sindikanatha, ndi akulu anga. Ndinazembera kwa mayi.

"Mayi, kodi galimoto ija ilipo?"

"Ilipo. Ingapite kuti? Iwe ukudya koma?"

"Ndikudya. Koma ili bwinobwino?"

"Tonse kuno tili bwino."

Mapeto ake ndinasankha njira yoyamba, osati chifukwa inali yabwino koposa, koma chifukwa njirayo sinkafuna muyezo wa munthu aliyense. Kingipini ya galimoto imeneyo ndi yomweyo kulikonse. Panalinso kamtima kena kamene sindinauze a Tembo: ngati agulitsadi, ndidzayala zitsulozo pamphasa pamaso pa mayi, tione kumene achimwene adzayang'ane.

"Wasankha na mantha, osati na mutu," anatero a Tembo. Komabe anandifufuzira zipangizozo kwa mkulu wina wosunga zakale, zina zili m'mapepala ake amafuta. Anandiphunzitsa kukhoma kingipini osaiphwanya, n'kundibwereka chitsulo chawo chokhomera. "Uzabweza. Ngati siuzabwela, nizaziba ati unakwatila."

Sutikesi inalemera moti nsalu za mayi ndi nsapato za ana a achimwene ndinazisiya pabedi. Tsiku lofika sindinauze aliyense. Ndinkafuna ndiwapeze asanakonzekere.

Minibasi inanditsitsa pamphambano masana, ndipo ndinakwera njinga yamoto sutikesi ili pamiyendo. Tisanafike kumudzi tinakumana ndi ngolo yodzaza matumba a mbatata, ng'ombe ziwiri zikukoka mosavutika. Woyendetsa anali achimwene. Ndinatsika, ndipo tisanapatsane moni maso anga anagwera pa matayala. Malimu ake ndinawadziwa, abambo anawapaka okha penti yobiriwira. Ndinagwada mumsewu momwemo n'kusuzumira kunsi. Ekisele yathu inali pamenepo, yowongoledwa bwino, ndipo makingipini anali atawotchereredwa kuti matayala asamakhotenso. Zitsulo zonse za m'sutikesi mwanga zinali za malo amene anatsekedwa ndi moto kalekale.

"Fatsani!" anatero achimwene, chikoti chili m'manja. "Bwanji osanena kuti ukubwera?"

"Ndikananena mukanayeza galimoto ya ndani?"

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuwayankha chotero. Sanakwiye. Anangovula chipewa n'kupukuta thukuta.

"Kwera, tikakambire kunyumba."

Zotsalazo ndinaziona ndekha. Mutu wa pikapu unali pa njerwa kuseri kwa khola, chitseko ndi chiwongolero zili momwemo, nkhuku zikuikira pampando. Chesesi anaigoneka pa kamtsinje ka kudimba n'kuyalapo matabwa, ndipo ana a sukulu a midzi iwiri amawolokerapo nthawi ya mvula. Injini inapita kwa mwini chigayo chaka chimene mbatata inapserera, pamene ndalama zimene ndinkatumiza sizinkafika kumapeto a mwezi. Malata aja anachokera m'ngolo: imanyamula mbatata zathu, n'kunyamulanso za anthu ena polipira. Mavenda anasiya kutilondola kumunda.

"Nanga miyezo ija?" ndinafunsa titakhala pakhonde.

"Ku Lizulu," anatero achimwene. "Ndikaona pikapu yakale yaima, ndinkapempha dalaivala kuti ndilowe kunsi ndi tepi. Wina anandiyesa wakuba mafuta, anatsala pang'ono kundimenya. Anyamata apasiteji mpaka lero amanditchula kuti Injiniya. Chesesi yathu ndikanayeza bwanji, mbali yakutsogoloyo ili m'simenti?"

"Bwanji osangondiuza, achimwene? Ine kumeneko ndimagona ndikuganiza kuti mwandibera."

"Funsa mayi ako. Ine ndinauzidwa kuti nditseke pakamwa."

Mayi anali atakhala chapatali akusankha nyemba m'lichero. Sanadzutse mutu.

"Munthu ali kutali sauzidwa maliro pafoni, Fatsani. Umamuuza kuti abwere, adzamve atakhala pansi pakati pa abale ake. Iwe unali wekhawekha m'kachipinda, kudziko la eni. Umve kuti galimoto ya abambo ako yatha, imene unapitira, ukanalira ndi ndani? Ukanadzuka m'mawa kupita kuntchito chifukwa cha chiyani?"

"Koma ndi galimoto chabe, mayi."

"Ikanakhala galimoto chabe ukanabwera ndi zitsulo m'malo mwa nsalu?"

Achimwene anaseka, alamu nawo anaseka ali kukhitchini, ndipo ine ndinayesa kuseka nawo. Mwambo umenewu ndinkaudziwa. Ndili mwana ndinatumidwapo kukauza amalume kuti agogo matenda akula, bokosi likukhomedwa kale kuseri kwa nyumba. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wakutaliyo ndidzakhala ine. Zaka zonse zija ndinkasaka wakuba pakati pa abale anga, pamene iwo anagwirizana mudzi wonse, ndi ana omwe, kuti andisenzere katundu amene ankaona kuti sindingamuthe ndekha. Zinayenera kundikhazika mtima pansi. Koma nditayang'ana pabwalo, ndinayamba kuwerenga nyumba ndi maso, iyi yotsegula, iyo yotseka, ndi kukumbukira mafoni onse amene anathera pa mawu amodzimodzi akuti tonse kuno tili bwino.

"Mayi," ndinatero, "ndi galimoto yokha imene simunandiuze?"

Dzanja lawo linaima m'lichero. Anayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana pansi. Kukhitchini kuseka kunatha.

"Wayenda ulendo wautali," anatero mayi. "Yamba wamwa madzi. Gilibati, kaitane azakhali ake, ndipo ubwere ndi mphasa."