Bokosi lobiriwira la amayi

Dzulo ku Chinamwali ndinatsegula bokosi la eni ake, kuyesa likugulitsidwa. Munali masipanala a wokonza njinga, ndipo anandiyang'ana ngati wakuba. Koma fungo la mphira wa pachivindikiro linanditengera kwathu.

Amayi anali ndi bokosi lachitsulo lobiriwira ngati lomwelo, losungiramo makadi athu a ubatizo chifukwa makoswe sankaliboola. Masiku amenewo ndinkawerenga chilichonse, ngakhale zitini. Ndinafufuza mawu achikasu a pambali pake m'dikishonale yothothoka, ndinapeza kuti akunena zipolopolo, ndipo ndinakanyadira kwa anzanga.

Pofika masana, mzere wonse wa nyumba unkati kwathu kuli zida. Matipate anali atangoyamba, ndipo nkhani yotere sinali yoseweretsa. Amayi ankangolowa ndi kutuluka, kusuzumira kumsewu. Kenaka anakhuthula makadi, anakulunga bokosilo m'chitenje kuti akaliponye mumtsinje wa Likangala.

Pakhomo anakumana ndi aneba athu, amene anapuma usilikali.

"Mayi, tatulani kaye tione."

Anapukuta zilembozo ndi malovu. Manambala oyamba, anatero, ndi kukula kwa chipolopolo, enawo ndi a kufakitale. Chala chinaima pa awiri otsiriza.

"Ichi ndi chaka chimene zinapangidwa. Munabadwa liti, mayi?"

Amayi anatchula chaka chawo. Aneba anaseka, n'kunditembenukira.

"Aphunzitsi, mukamawerenga muzifika kumapeto. Zipolopolo za umu zinatha mayi anuwa asanabadwe. Katoleni makadi aja."