Mazira Otsiriza a Nkhuku za Achimwene

Chitopa chinapululutsa nkhuku zonse ku Zemba chaka chimene achimwene anatisiya. Mlamu wanga, mkazi wawo, anatsala ndi mazira okha m'lichero, a nkhuku zakameta, zopanda nthenga m'khosi, zimene malemuwo ankanyadira. Thadzi lofungatira panalibe mudzi wonse. Ndiye ine, wophunzira zamakompyuta ku Chipata, ndinadziguguda pachifuwa kuti bokosi langa la sola lofungatira mazira liwaswa.

Bokosilo linkayendetsedwa ndi katchipu, kaubongo ka kompyuta kochepa ngati chikhadabo. Sabata yachiwiri kunagwa chisanu cha Juni, kutentha n'kuyamba kusinthasintha. Ndinawonjezera mizere ingapo mu pulogalamu, yoti tchipu izifunsa choyezera kutentha mobwerezabwereza isanayatse moto. Polowetsa pulogalamu yatsopano, yakale imayamba yafufutika. Inafufutikadi. Yatsopano inakana kulowa, akuti yakula. Fani ya m'bokosi inaima, bokosi linati zii.

Wondipereka anali kompaila, pulogalamu imene imasandutsa zolemba zathu kukhala malamulo amene tchipu imamva. Ukalemba kuti chita chakuti kakhumi, timati lupu. Kompaila ikaona lupu yaifupi imaganiza yokha kuti kufunsa "ndamaliza kodi?" ulendo uliwonse n'kutaya nthawi, choncho imatambasula lupuyo, n'kulemba lamulo lomwelo kakhumi. Liwiro limakweradi, koma malo mu tchipu amatha. Siyeza kanthu, imangopenekera. Imene inali mu laputopu yanga inali yatsopano, ndipo kupenekera kwake kunali kwa anthu a nkhokwe zazikulu. Ndani anaiuza kuti mazira ali pa mpikisano wothamanga?

"Alamu, mwazimitsa dala?" anafunsa mlamu ali pakhomo.

"Ndikukonza, musadandaule."

Ndinkanama. Batire la laputopu linali pa kamzere kofiira. Ndinafufuta mawu oonetsa pasikirini ya bokosi, sizinakwane. Ndinachotsa kabelu kochenjeza, sizinakwanebe. Ndinaitukwana kompailayo mawu amene sindingalembe pano. Mantha anandigwira, osati a manyazi ayi, koma oti chotsala chokha cha achimwene chikuzizira m'manja mwanga.

Mlamu anatsegula bokosi, natola mazira limodzilimodzi, kuwaika pamimba mkati mwa bulauzi, n'kumanga chitenje. Anakhala padzuwa atawerama, osagwedezeka, ngakhale ntchentche osaiingitsa.

Ndinasiya kudula zanga, n'kutsegula zimene kompaila inatulutsa. Ndinaona lamulo limodzi litandandalika tsamba lonse ngati mizere ya mtedza, lupu iliyonse chimodzimodzi. Lamulo loiletsa kutambasula ndinaliiwala kalembedwe kake, netiweki kunalibe. Ndiye ndinaipusitsa: ndinabisa chiwerengero cha maulendo pamalo pamene singachidziwiretu. Posadziwa kuti ndi kangati, inaleka kupenekera. Pulogalamu inafota, inalowa, fani inalira. Laputopu inazima ndisanachotse n'komwe chingwe.

Mlamu anabweza mazira akadali ofunda ndi thupi lake. Limodzi linali litasweka, ndipo anangopukuta bulauzi.

Masiku otsalawo ndinkadya osamva kukoma. Mazira ambiri anasukusa. Anaswa ochepa chabe, ndipo pakati pawo panali kamwanapiye kamodzi kakhosi lambulanda, konyansa ngati tambala amene achimwene anali naye. Mlamu anagwada pafupi ndi bokosi. Kwathu mkazi saimba mluzu, koma iye anaimba kamluzu kaja achimwene ankaitanira nako nkhuku zawo madzulo. Ine ndinatuluka panja, chifukwa misozi inandipambana.