Chipewa Chimene Anachotsa pa Swichi

Anzanga, izi sindinachite kumva m'minibasi ayi, zinandichitikira ine mwini wakene, ndipo amene akukayika abwere ndidzamuvulire nsapato ya kumanzere aone yekha.

Ine kwathu ndi kwa Kadewere. Nthawi imeneyo ndinali mtsikana wa ku koleji, ndikuphunzira uinjiniya wa makina, ndipo itakwana nyengo ya atachimenti, ija amatitumiza kumakampani kuti tikaphunzire ntchito ndi manja, ndinapeza malo pafakitale ina yosenda nandolo chakufupi ndi Mbulumbuzi. Amayi anasangalala, ati mwana wawo azigona pakhomo n'kumapalasa njinga kupita ku ntchito ya mabwana. Ya mabwana yake iti? Malipiro kunalibe, jombo ndinachita kubwereka, ndipo chipewa cholimba chija anati n'cha olembedwa ntchito okha, ife ophunzira ndife odutsa.

Pafakitalepo panali nkhokwe yachitsulo yaitali kuposa nyumba, ndipo pansi pake panali chitsulo chopotana chimene chimazungulira n'kumakokera nandolo ku makina. Nandolo akakhala wachinyezi ankagwirana n'kutseka potulukira, ndiye pankafunika munthu woti alowemo ndi fosholo. Kusukulu anatiphunzitsa kuti munthu asanalowe swichi imakiyidwa ndi loko, koma kumeneko za maloko ankaziona ngati zotayitsa nthawi. Lamulo lawo linali lakuti wolowayo azikoleka pa swichi chipewa chake cholembedwa dzina, anzake akachiona adziwe kuti m'katimo muli munthu.

Tsiku limenelo akapitawo anati ndilowe ineyo popeza ndine wochepa thupi. Nditawakumbutsa kuti ndilibe chipewa, anatola china chopanda dzina chimene chinali pa benchi n'kukoleka okha, uku akundiseka kuti mainjiniya a masiku ano ndi amantha. Ndikanakana bwanji, pomwe malikisi anga anali m'manja mwawo? Ndinatsika.

Sindinkadziwa kuti tsiku lomwelo kukubwera aphunzitsi athu a ku koleji kudzaona mmene ophunzira tikukhalira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti amanijala, ataona kuti mlendo ali mutu pamtunda, anayang'ana uku ndi uku, n'kuona chipewa chopanda mwini chili lende pa swichi, basi n'kuwaveka aphunzitsiwo. Kenako pofuna kudzionetsera kuti makina awo ndi amakono, anayatsa.

Inu, nandolo yemwe ndinapondapo anangoyamba kundimeza. Ndinakuwa, koma akanamva ndani ndi chiphokoso chija? Fumbi m'kamwa, nandolo m'chiuno, posakhalitsa m'chifuwa, manja akungopalasa chitsulo choterera popanda pogwira. Kenako ndinamva chinthu chikugwira jombo n'kuyamba kuipotokola pamodzi ndi phazi. Ndinaitana amayi anga, ndikudziwa kuti ndikufa dzuwa likuswa mtengo, anthu ali panja pomwepo akusekerera mlendo.

Mwadzidzidzi magetsi anazima, kuzima kwa masiku onse kuja timatukwanira. Kutati zii, ndi pamene anamva kulira kwanga. Anandizula ndi chingwe, koma zala ziwiri za kuphazi zinatsala m'jombo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si zalazo ayi. Ndili chigonere kuchipatala, amanijala anatumiza uthenga wakuti kampani ilibe mlandu chifukwa sindinali wantchito wawo, komanso ati ndinalowamo ndekha mwachibwana. Akapitawo sanaonetse n'komwe nkhope. Aphunzitsi aja, omwe anavala chipewa chija, anabwera ndi phava la nthochi n'kundinong'oneza kuti ndisapite nayo patali nkhaniyi, malo a atachimenti ndi osowa, ndikawakwiyitsa eni fakitale anzanga obwera m'mbuyo adzasowa kolowera. Nkhaniyo ndinaisiya, sukulu ndinamaliza ndikutsimphina, ndipo chaka chotsatira a ku koleji anatumizanso ana ena komweko.

Kumudzi ena amati inali nsanje ya anthu, ena amati eni makina amafuna magazi kuti malonda ayende. Ine za ufitizo ayi, pakuti wondilodza sanafunike pamenepo. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti kwa anthu aja moyo wa mwana wa atachimenti unali wotchipa kuposa loko wa pa golosale.

Ndiye inu makolo, mwana wanu akamapita ku atachimenti musangomugulira malaya oti akatchenere mabwana, mugulireninso loko. Ndipo iwe mwana, akapitawo akuseke kaya akukalipire, usalowe m'makina a munthu usanakiye swichi wekha n'kuika kiyi m'thumba mwako.