Tsiku Lomwe Ndinadziyeza Mutu pa Foni

Matenda anga dzina lake ndi baipola. Kalelo ndinkatha milungu ndikulankhula osapuma, tulo osabwera, kenako ndinkafooka mpaka kulephera kutsegula zenera. Mankhwala anandikhazika mtima pansi. Pamene boma linandisamutsira ku Mzuzu kuchokera ku Dedza, ndinali nditatha zaka zingapo osagonekedwa m'chipatala.

Koma panali china chimene sindinkauza munthu. Ndinkaiwala. Abwana akanena zinthu zitatu, pofika pa desiki langa ndatsala ndi chimodzi. Amuna anga, omwe kwawo ndi ku Nkhata Bay, ankangodandaula mofatsa: "Amayi, ine ndikamalankhula inu mtima umakhala kwina."

Nditawauza adokotala anga, mayi wodekha wovala magalasi, sanadabwe. Anati ena odwala matendawa amavutika kukumbukira ngakhale ali bwinobwino. Ananditumizira linki ya mayeso a kukumbukira pa foni.

"Mukachite kunyumba, m'mawa mutapumula," anatero. "Pasakhale wokunong'onezani. Zotsatira zibwera kwa ine."

Ndinasankha Loweruka, amuna anga atapita kukwaya. Kwathu ku Masasa kunali nkhungu, kamvula kakuwaza pa malata. Ndinavala juzi, ndinakhala patebulo, n'kutsamiritsa foni pa botolo la shuga. Zinali ngati ndabwerera ku Fomu 4.

Munthu wa m'foniyo anawerenga mawu angapo, amodziamodzi, ine n'kulemba amene ndagwira. Anabwerezanso. Kenako kunabwera manambala oti ndiwasanje, ndi tizithunzi toti ndizidina msanga nthawi isanathe.

Ndili mkati momwemo ndinamva "Odi!" Anali aneba anga, mayi wachikulire wa ku Rumphi, atanyamula phava la nthochi.

"Mwawuka uli, amama?"

"Makora," ndinayankha maso ali pa foni. "Pepani, ndikulemba mayeso. Sindingaimitse."

"Yewo, lembani, lembani."

Sanabwerere. Anakhala pa kampando pafupi ndi chitseko, nthochi pamiyendo. Ndinkamva kupuma kwawo kokha. Sindikudziwa chifukwa chake, koma mantha anandichoka.

Kumapeto foni inandifunsa mawu a poyamba aja. Ndinafufuza m'mutu. Mpando. Mtsinje. Ng'oma. Ena onse anali atapita. Ndinadikira mpaka nthawi inatha.

"Mwakhoza?" anafunsa anebawo.

"Si okhoza kapena kulephera. Akufuna aone mmene mutu wanga ukugwirira ntchito."

"Ipo ngabwino chomene," anatero. "Akusukulu athu aja ankatikwapula nawo." Tinaseka, ndinateleka tiyi.

Tsiku lokamva zotsatira amuna anga anandiperekeza. Adokotala anati pa zodina msanga ndinachita bwino, koma mawu ongomva ndi khutu sakhalitsa m'mutu mwanga. Anati foni payokha siweruza munthu, choncho anandifunsanso za tulo, za ntchito, za mankhwala. Sanandisinthire kalikonse tsiku limenelo. Anandilangiza kulemba zinthu pomwepo, ndi kupempha anthu kuti azinena chimodzichimodzi.

Potuluka ine ndi amuna anga tinayenda mpaka pokwerera takisi.

"Ine ndinkayesa mwatopa nane," anatero.

"Inenso ndinkayesa ndayamba ulesi."

Sitinakwere. Tinaganiza zoyenda wapansi, ngakhale ndi kamtunda ndithu.

Ndinagula kakope kakang'ono kokwana m'chikwama. Poyamba ndinkachita manyazi kukatulutsa pamaso pa anthu, koma palibe anafunsa. Patapita miyezi adokotala ananditumiziranso linki, mawu ake ena. Zotsatira sizinasinthe kwenikweni, ndipo anati ndi nkhani yabwino, chifukwa zinthu sizikuipiraipira. Madzulo ake ndinaimbira mng'ono wanga ku Dedza ndi kumufotokozera zonse, kuyambira za kuiwala zomwe ndinamubisira zaka zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati ndibwera pa Khirisimasi.