Mphero yanga pa sikelo ya tiyi

Kapitawo wathu atamwalira, mzungu wa esiteti anati atopa ndi madandaulo, tisankhe tokha wina. Anaimirira anthu awiri, amuna anga ndi bambo wina wa m'laini ya kumtunda, mlamu wake wa kalaliki. Sikunali kulimbirana chikoti chokha ayi. Kapitawo ndiye ankanong'oneza mzungu banja loti lipatsidwe notisi yolichotsa pamalopo, ndipo ife nyumba ndi kamunda kathu zinali pa nthaka ya esiteti.

Anaika madengu awiri pa shedi, aliyense wothyola tiyi aponye mwala m'dengu la munthu wake. Athu anatola timiyala kumtsinje, taulemu, tokwana m'manja. Akumtunda anabwera atasenza zimiyala zomangira nyumba, ife n'kumaseka. Dengu lathu linadzaza bwinobwino, moti ndinayamba kale kuyenda ngati mkazi wa kapitawo.

Koma kalaliki uja, m'malo mowerenga, anakoloweka madengu pa sikelo. Akuti pa esiteti palibe chinthu chowerengedwa, tiyi amayeza, ufa wa phoso amayeza, nanga miyala ndi yandani? Atatero anadulanso kulemera kwa dengu lathu, akuti miyala yathu ndi yonyowa, monga amadulira tiyi wa pamvula. Abale, mwala kumwa madzi! Basi, ukapitawo unapita kwa mlamu wa kalaliki.

Anyamata anafuna kuotcha shedi. Amuna anga anakana, iwo ndi munthu wa tchalitchi, za chipolowe ayi, akasuma ku boma. Anayenda ulendo umenewo mpaka mapazi kung'ambika. Lero bwana wa boma wapita kosaka, mawa womasulira wadwala, mkuja bweretsani miyala ija ngati mboni. Wosenza mboni ndinali ine, mpaka khosi langa linauma.

Uku mlandu ukuyenda, kapitawo watsopano sanagone. Mabanja amene anaponya mwala kwa ife ankalandira notisi limodzilimodzi, ena kupita ku Khonjeni, ena kubwerera kwawo kuseri kwa malire. Otsala anayamba kutipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Chimanga chitacha, chigamulo chinatuluka. Tawina! Bwana wa boma anati chisankho chibwerezedwe, ndipo miyala iwerengedwe, isayezedwe. Amuna anga anabwera akuimba nyimbo ya Mulungu. Ine ndinawafunsa kuti owaponyera miyalayo atsala angati, iwo anati chilungamo sichifunsa zimenezo.

Ine za boma sindinazikhulupirire. Kalaliki ndinkamudziwa, sikelo ndi mkazi wake wachiwiri. Tsiku lachisankho ndinazula mphero yanga, ija anandisiyira amayi, yoti amuna awiri amathandizana ponyamula. Ndinafika nayo pa shedi thukuta lili kamukamu, n'kuigwetsera m'dengu la amuna anga mpaka dengu linaphulika. Anthu anaseka, koma palibe ananditsatira. Onse anafola kwa kapitawo, aliyense ndi kamwala kangati nyemba, maso pansi.

Kalaliki anasuzumira m'dengu lathu, nayang'ana amuna anga mwaulemu kwambiri.

"Monga munapempha ku boma, bambo, lero tiwerenga. Umodzi."

Notisi yathu inabwera sabata yomweyo. Tikumanga katundu ndinapita kukatenga mphero yanga, kalaliki n'kundiuza kuti singachoke, ndi mboni, mwina amuna anga angafune kukasumanso. Ndinalira njira yonse ya ku Khonjeni, ndipo chaka chimenecho mapira ndinkakapera pa mphero za eni ake.